Kansalu Kamene Tinatumiza kwa Eni Mankhwala

Kwathu ku Domasi munthu akafuna kupempha chinthu chovuta ankatuma amalume anga. Anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo, koma ntchito imene anatchuka nayo m'midzi yonse ya kwa Malemia inali yopempha ndi yopepesa. Ukwati ukagwedezeka, ankaitana iwo. Mbuzi zikadya chimanga cha eni, iwo. Mwana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha mwano, iwo omwewo. Ankavala jekete lawo lakuda la pa Mgonero, chipewa n'kuchigwira m'manja, n'kukakhala pansi pakhomo pa munthu mpaka mwini khomoyo achite manyazi. Ankakonda kunena kuti chinthu chikakhala ndi mwini wake ndiye kuti nkhani yaphweka, chifukwa mwiniyo ali ndi makutu. Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina adzakapepesa ngakhale kwa mvula, koma kunena zoona sindinawaonepo akubwerera chimanjamanja.

Achemwali anga aakulu anabwerera kumudzi kuchokera ku Limbe cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amuna awo atamwalira. Anabwera ndi makina osokera, sutikesi imodzi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Tonse tinadziwa, ngakhale panalibe wotchula. Masiku amenewo tinkangoti matenda a masiku ano, ena ankati matenda a boma, ndipo mawu oti Edzi tinkawasiyira wailesi. Achemwali okha ndi amene sankazungulira. Tsiku limene anafika anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Iwe ukunenepa chonchi, madiresi anga onse aja avala ndani? Ndimati ndikusiyire." Amayi anatuluka panja, ndipo ine ndinaseka chifukwa ndinasowa chochita.

Ine pa nthawiyo ndinkaphunzitsa sitandade faifi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi kwathu. M'banja mwathu ndinali ine wowerenga Chingerezi. Kalata ya boma, khadi la kuchipatala, kapepala ka m'botolo la mankhwala a mbewu, zonse zinkadikira ine. Chifukwa cha zimenezi amalume ankanditchula kuti aphunzitsi, ulemu wosakaniza ndi chipongwe. Ndi ine amene ndinamva pa wailesi kuti kumaiko akunja kwapezeka mankhwala, ndipo anthu amene anali atawakonzera kale bokosi akudzuka n'kumayenda.

Tsiku lina nditaperekeza achemwali kuchipatala kukatenga mapilitsi otseka m'mimba, ndinawasiya pabenchi n'kubwereranso m'chipinda cha adokotala. Anali bambo wotopa, wa maso ofiira, amene ankaona anthu ambirimbiri onga achemwali tsiku lililonse.

"Adokotala, zimene ndamva pa wailesi zija n'zoona?" ndinafunsa. "Akuti kunja anthu akudzuka."

"N'zoona, mayi. Sachiza ayi, koma munthu amadzuka, amanenepa, amabwerera kuntchito."

"Ndiye afika liti kuno?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa magazini ya madokotala yotha m'mphepete. Anandionetsa tsamba lina, pamene panali chithunzi cha kabotolo koyera ndi mzungu akupalasa njinga akumwetulira.

"Ndi amenewa," anatero. "Koma malipiro anu a chaka chonse sangagule a mwezi umodzi."

"Nanga ena osangopanga otchipa bwanji? Asipirini amapanga aliyense."

"Awa ali ndi patenti. Ndi chikalata chonena kuti mankhwala awa mwini wake ndi uje, wina asayerekeze kupanga kwa zaka makumi awiri. Ndiye mtengo amatchula mwiniyo, mmene wafunira."

Ndinawerengera zaka makumi awirizo, kenako ndinasuzumira pakhomo n'kuona achemwali atatsamira khoma, maso ali chitsinzinire. Ndinapsa mtima kwambiri, koma wopsera mtimayo panalibe. Ndinapempha tsamba lija, sindidziwa chifukwa chake, ndipo adokotala anang'amba n'kundipatsa.

Kulakwa kwanga kunali kokafotokoza zimenezi kunyumba. Ndinkafuna kuti wina akwiye nane limodzi. Ndinafotokoza za patenti, za zaka makumi awiri, za mtengo, mawu akukwera. Amalume anali atakhala pakhonde akunola chizulo chawo (ndi mmene ankatchulira tchizulo), ndipo pa zonse zimene ndinalongolola anatolapo chimodzi.

"Mwati ali ndi mwini wake?"

"Inde, kampani ina ya ku Ulaya."

"Ndiye mukulira chiyani, aphunzitsi? Ine ndimayesa mukuti mankhwala kulibe. Alipo, mwini wake aliponso. Mwapita kukapempha?"

"Amalume, amenewo si anthu opempheka. Ndi kampani."

"Kampaniyo ilibe munthu m'kati? Imadzitsegula yokha m'mawa?"

Anaika chida chija pansi n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani. Anati mankhwala onse ali ndi eni ake, si zachilendo. Agogo ena a kuseri kwa Naisi ankadziwa muzu wa mphumu, ndipo sankauza munthu mtengo wake, ngakhale ana awo. Imeneyo ndiye patenti yawo. Koma ukapita mwaulemu, umapereka chipondamthengo, kanthu kakang'ono koti mwini mankhwala alowere kutchire kukakumba. Akalandira, amakumba. Malipiro enieni umapereka wodwala akachira, ndipo umapereka monga mwa mphamvu zako, kaya nkhuku, kaya mbuzi. Anati chibadwire chawo sanamvepo mwini mankhwala amene anasiya munthu kufa mankhwala ali m'thumba.

"Azunguwo ndi anthu opemphera, ndi amene anatibweretsera Baibulo," anatero. "Vuto n'lakuti palibe amene wapita kukawauza bwinobwino. Keyala yawo muli nayo?"

Keyala inalipo, m'munsi mwa tsamba lija, m'zilembo zing'onozing'ono. Ndikanatha kunama kuti palibe. Koma achemwali anali atagona pamphasa chapafupi akumva zonse, ndipo anadzutsa mutu.

"Nkhuku siingalowe mu envulopu, amalume," anatero. "Chipondamthengocho ndiluka ine."

Analuka kansalu kapatebulo, koyera, kozungulira, ka maluwa m'mphepete, konga timene ankagulitsa ku Limbe toika pansi pa wailesi. Kale kansalu kotere ankakamaliza tsiku limodzi akucheza. Aka kanawatengera masabata awiri. Zala zinkakana, ulusi unkapulumuka, ankamasula n'kuyambiranso. Ndikati ndithandize ankandimenya padzanja. "Iwe ndi manja ako a chokowo ukatichititsa manyazi ku Ulaya," ankatero.

Tsiku lolemba kalata, Loweruka m'mawa, amalume anabwera atavala jekete lija. Ndinawauza kuti ku Ulaya sakawaona, koma anati ulemu suyendera kuonedwa. Anakhala pampando, chipewa m'manja, ine ndili ndi pepala ndi cholembera. Iwo ankanena m'Chichewa, ine ndinkalemba m'Chingerezi. Anayamba ndi moni, n'kufunsa ngati eni mankhwalawo adzuka bwino pamodzi ndi mabanja awo. Anadzitchula kuti ndi mwini mbumba, ndipo ndinavutika kupeza mawu ake m'Chingerezi. Anati sitikufuna kudziwa muzu wake, chinsinsi ndi chanu, sungani. Tikupempha a munthu mmodzi yekha, mwana wa mlongo wanga, telala waluso, amene ntchito ya manja ake mwaiona m'kalatamu. Akachira, pali mbuzi yaikazi imene taipatula, ndipo mutiuze njira yoti ikufikireni kapena tiigulitse.

Pa mbuzipo ndinaima.

"Amalume, zimenezi akatiseka."

"Aseke. Munthu akaseka ndiye kuti mtima wafewa. Lembani."

Ndinalemba. Ndinapinda kansalu kaja bwinobwino, ndinamata envulopu, ndipo Lolemba ndinakaponya ku positi ofesi ya ku Domasi, pa keyala ya sukulu yathu. Ndinkachita manyazi ngati ndaba. Koma pobwerera ndinadzipeza ndikuwerenga masabata amene kalata imatenga kuti ifike ku Ulaya, ndipo ndinadzida chifukwa cha zimenezo.

Mbuzi ija amalume anaimanga chingwe chofiira m'khosi kuti aliyense adziwe kuti ili ndi ntchito. Inkadya madeya pamene zinzake zinkadya masamba. Achemwali ankaitchula kuti ya azungu. Iwowo anayamba kudya mokakamiza, phala likubwerera iwo n'kumameza, ati phukusi lisadzapeze munthu palibe. Lachisanu lililonse, tsiku limene makalata a sukulu ankatengedwa, ankapempha kuti tiwatulutse akhale pansi pa mtengo wa mango poyang'ana njira. Ndikamatulukira ankayang'ana m'manja mwanga, osati kumaso. Ndikafika ankangoti, "Ayi, kutali kuja," n'kuyamba nkhani ina.

Mvula inayamba, tinadzala, tinapalira. Kenako Lachisanu lina aphunzitsi aakulu anandipatsa envulopu yoyera, yolimba, ya sitampa yachilendo. Inali yathyathyathya, yopanda kanthu kolemera m'kati. Sindinatsegule pasukulu. Ndinakatsegulira pamtsinje wa Domasi, nditakhala pamwala pamene amayi amachapira, madzi ali ofiira ndi dothi la m'phiri.

Pepala lake linali losalala, lokongola kuposa satifiketi yanga. Anathokoza chifukwa cha kalata. Anati amva chisoni ndi kudwala kwa wachibale wathu. Anati sangathe kutumiza mankhwala kwa munthu payekha, ndipo tikaonane ndi dokotala wa m'dera lathu. Ndime yotsiriza, yaitali kuposa zonse, inkafotokoza ndalama zambiri zimene kampaniyo imawononga pofufuza mankhwala atsopano. Za kansalu sanatchule. Za mbuzi sanatchule. Ngakhale siginecha yake inali yodinda ndi makina.

Ndinalira pamwalapo, kulira kwa mkwiyo. Ndinaganiza zoponya kalatayo m'madzi, koma aphunzitsi aakulu anali atauza kale anthu kuti kwabwera kalata ya kunja, ndipo kwathu nkhani imafika pakhomo mwini wake asanafike.

Ndinapeza onse atasonkhana pansi pa mango, amalume atavala kale jekete. Achemwali anali atawatsamiritsa pa pilo, atamanga duku latsopano.

"Werengani, aphunzitsi," anatero amalume.

"Akuti zikomo chifukwa cha kalata."

"Ehe."

"Akuti amva chisoni kwambiri ndi matenda a achemwali."

"Mwamva? Ndinanena ine kuti muli anthu m'menemo."

"Akuti tipitirize kuonana ndi adokotala." Mzere wotsatira unali pansi pa chala changa. Ndinayang'ana achemwali, makutu awo amene tsopano ankaoneka aakulu chifukwa cha kuwonda, duku lija. Ndinadumpha mzerewo. "Akutinso mankhwalawa ndi ovuta kupanga, amafuna ntchito yambiri."

"N'zoona zimenezo, muzu wabwino sukhala pafupi," anatero amalume. Kenako anatenga envulopu ija, anaisuzumira, anaigwedeza chozondotsa. "Kansalu kaja abweza?"

"Ayi."

Anaomba m'manja kamodzi, nkhope yonse ikuwala.

"Basi, alandira! Munthu wokana amabweza chipondamthengo, sangadye chinthu cha wodwala. Akasunga ndiye kuti alowa kutchire. Tidikire."

Amayi analulutira pang'onopang'ono, koyamba chibwerere achemwali. Ine ndinapinda kalata ija n'kuiika m'buku la masamu. Sindinanene bodza ngakhale limodzi tsiku limenelo, ndipo ndakhala ndikudziuza zimenezi zaka zonsezi, koma sizinandithandizepo.

Masabata otsatirawo anali oipa kuposa onse. Ndinkadziwa ndekha kuti palibe chikubwera, ndipo Lachisanu lililonse ndinkayendabe njira ija manja ali lende, anthu akundiyang'ana. Ndinabwereranso kwa adokotala kukafunsa ngati pali njira ina iliyonse, kaya ku Blantyre, kaya kumishoni. Anapukusa mutu n'kundipatsa mankhwala opaka zilonda za m'kamwa. Ndinkaphunzitsa ana kugawa ndi kuchulukitsa, mutu uli kwina. Panalibe khomo loti ndikagogode, panalibe munthu woti ndimutukwane. Lamulo limene linkapha achemwali linalembedwa kutali, ndi anthu amene sanamvepo za Domasi, ndipo linali laulemu ngati kalata yawo ija.

Tsiku lina masana ndikuwasambitsa kuseri kwa nyumba, achemwali anandifunsa mwadzidzidzi.

"Iwe, kansalu kaja ukuganiza anakaika pati?"

"Kaya. Mwina patebulo la abwana awo."

"Aziikapo kapu ya tiyi." Ndinapitiriza kuwatsuka msana, umene unali mafupa okhaokha. "Pali duwa limodzi ndinalakwitsa, lachitatu kuchokera pomalizira. Akaliona aziti Amalawi sadziwa kuluka."

"Sangalione."

"Azungu amaona, iwe. Amangokhala chete."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankakhulupirira za phukusi lija kapena ankangotisungira mtima, monga mmene ine ndinkawasungira. Sindinafunse. Ndinkaopa yankho lililonse mwa awiriwo.

Anamwalira chimanga chili pofika m'chiuno, Lachitatu m'mawa, amayi akuwapatsa madzi pa supuni. Anthu anabwera ambiri, a mpingo, anzawo a ku Limbe, ngakhale amayi achisilamu a ku Naisi amene ankawasokera madiresi. Ndiwo zinachepa, ndipo amalume anamasula okha chingwe chofiira chija n'kupereka mbuzi kwa anyamata okumba manda. Sanayang'ane pamene ankaipha.

Patapita masiku atatu, anthu atabalalika, ndinawaona akubwera m'mawa atavala jekete, chipewa m'manja. Anakhala pampando womwe uja.

"Tengani pepala, aphunzitsi."

"La chiyaninso, amalume?"

"Uthenga wa maliro tatumiza konse, kwatsala kumodzi. Anthu aja tinawagogodera. Sibwino azivutika kutchire, kapena atumize katundu wawo adzapeze munthu tinaika kale. Adzati ndife anthu otani?"

Apa ndiye ndinaphulika. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa kalata ija m'buku la masamu, ndinaika chala pa mzere uja n'kuwawerengera m'Chichewa, mawu ndi mawu, ndikukuwa. Ndinati anakana, amalume, anakana kalekale, tsiku lomwe lija pansi pa mango. Palibe amene analowa kutchire. Kalata yanu sanaiwerenge n'komwe, anayankha ndi makina, ndipo kansalu ka achemwali mwina anakataya m'bini tsiku lomwelo. Ndinati ine ndinadumpha mzerewu dala, ndipo ngati pali mlandu ndi wanga.

Amalume anatembenuza chipewa chawo kawiri katatu. Kwa nthawi yoyamba ndinazindikira kuti akalamba, jekete lija lawakulira m'mapewa.

"Anakana, kansalu osabweza?" anafunsa motsitsa.

"Osabweza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva chilankhulo chachilendo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, kapena adzuka n'kumapita. Koma anakhazikika bwino pampando.

"Kaya kwawoko amachita bwanji, ine sindidziwa," anatero. "Ife kwathu timauza anthu. Lembani."

Ndinakhala pansi, misozi ikugwera papepala, n'kulemba. Anapereka moni monga poyamba. Anati mwana wa mlongo wanga uja, amene ndinakuuzani, anatisiya Lachitatu ndipo tinamuika Lachinayi kumanda a kwathu. Anatchula dzina lake lonse, ndi la ubatizo, n'kundiuza kuti ndilembe m'zilembo zikuluzikulu. Anati mbuzi imene tinakupatulirani ija tadyetsa anthu pamaliro, mutikhululukire. Kansaluko sungani, n'komaliza kamene analuka.

Ndinayesa amaliza. Ndinayamba kupinda pepala.

"Dikirani, onjezerani apo," anatero. "Muwauze kuti ngati mankhwala aja anali atakonza kale, asataye. Kuno odwala atsala ambiri. Pamudzi pathu pokha pano ndikhoza kuwatchulira nyumba zisanu ndi imodzi."

Anawerenga nyumbazo pa zala, kuyambira kumtsinje kukwera kumsewu, ndipo ine ndinalemba. Lolemba ndinakaponya kalatayo ku positi. Imeneyo sanayankhe.